Zipani Ziwiri, Mawu Amodzi: Mmene Britain Inalowera Nkhondo ya ku Iraq

Takulandirani, okondedwa oonera. Lero tikupita ku London kukaona chimene chimachitika m'dziko la zipani ziwiri zikuluzikulu pamene chipani chotsutsa boma chasiya kutsutsa.

M'nyumba ya malamulo ya House of Commons, aphungu a boma ndi otsutsa amakhala m'mabenchi oyang'anizana. Mtsogoleri wa otsutsa amalandira malipiro pa udindo wakewo kuyambira mu 1937, ndipo amasankha aphungu ake oti aliyense azilondalonda ntchito za nduna imodzi ya boma. Izi zikutanthauza kuti dzikolo limalipira munthu kuti azifunsa mafunso ovuta. Komabe mpando umenewu ndi umodzi wokha. Phungu amasankhidwa pongoposa anzake mavoti m'dera lake, monga timachitira kuno ku Malawi, ndipo ku Britain njira imeneyi yakhala ikukomera zipani za Labour ndi Conservative, chifukwa ovota ambiri safuna kutaya voti yawo pa munthu amene akuona kuti sapambana.

Mu September 2002, boma la nduna yaikulu Tony Blair wa Labour linatulutsa chikalata chonena kuti Saddam Hussein, mtsogoleri wa dziko la Iraq, ali ndi zida zotha kupha anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, ndiponso kuti zina mwa zidazo akhoza kuzigwiritsa ntchito pasanathe mphindi 45 chiperekereni lamulo. Kuyambira apa mpaka mu March 2003 ndi pamene otsutsa anayenera kuima njii ndi kufunsa kumene umboniwo wachokera, amene wautsimikiza, komanso chifukwa chothamangira pamene akatswiri a United Nations, motsogozedwa ndi Hans Blix, anali asanamalize kufufuza. Koma mtsogoleri wa otsutsa, Iain Duncan Smith wa Conservative, nayenso ankafuna kuti Saddam amenyedwe, kotero kuti pa nkhani yaikulu chotere mabenchi onse akutsogolo, pomwe pamakhala atsogoleri a boma ndi a otsutsa, ankayankhula chimodzimodzi.

Si kuti otsutsa nkhondo kunalibe. Pa 15 February 2003, anthu ochuluka zedi anadzaza misewu ya London pa zionetsero zokana nkhondoyo. Chipani chaching'ono cha Liberal Democrats, motsogozedwa ndi Charles Kennedy, chinakana. Pa 17 March, Robin Cook, yemwe anakhalapo nduna yoona nkhani zakunja, anatula pansi udindo wake m'boma, naima pa benchi ya kumbuyo kufotokoza kuti sakukhulupirira zoti Iraq ali ndi zida zimene akunenazo. Atatsiriza, aphungu ena anaimirira n'kuwomba m'manja, chinthu chimene mwambo wa nyumbayo sulola.

Tsiku lotsatira, pa 18 March, aphungu anavota, ndipo ndikupempha kuti muonetsetse manambala awa. Nyumbayo inali ndi mipando 659. Aphungu 139 a Labour anagalukira mtsogoleri wawo povomereza mfundo yakuti zifukwa zomenyera nkhondo sizinakwane. Mukaphatikiza amenewa ndi aphungu oposa 50 a Liberal Democrats komanso oposa 160 a Conservative, chiwerengerocho chikanapitirira theka la nyumba yonse. N'zoona kuti ena a Labour akanaopa kugwetsa boma lawo n'kubwerera m'mbuyo, koma Blair akanakakamizika kubwera ndi umboni wogwira mtima. M'malo mwake, aphungu ambiri a Conservative anavotera pamodzi ndi boma, mfundo ija inagwa, ndipo chilolezo chopita kunkhondo chinadutsa ndi mavoti 412 kwa 149. Nkhondo inayamba pa 20 March.

Zida zija sizinapezeke. Asilikali 179 a Britain anafera ku Iraq, ndipo anthu a ku Iraq amene anafa ndi ochuluka koposa. Mu July 2016, lipoti la kafukufuku amene anatsogolera John Chilcot linanena kuti Britain inalowa nkhondoyo njira zamtendere zisanayesedwe zonse, ndiponso kuti boma linayankhula za zidazo motsimikiza kuposa mmene umboni unalili. Mafunso amene kafukufukuyo anatenga zaka zisanu ndi ziwiri akuyankha ndi omwe aja anayenera kufunsidwa voti isanachitike.

Wina anganene kuti pa nthawi ya nkhondo dziko liyenera kuyankhula ndi mawu amodzi, ndipo kutsutsa chilichonse chimene boma lanena ndi chibwana. Ndikuvomereza kuti kumangokana pofuna kutchuka sikuthandiza. Ngakhale zili choncho, otsutsa akhoza kudzavomereza pamapeto atayamba afinya boma kuti lionetse umboni, ndipo kufinyako ndiye ntchito imene amalipidwira. M'dziko la zipani zambiri, china chikagona china chimadzuka, pomwe m'dziko la zipani ziwiri, wachiwiri akangovomera, wovota amene sakugwirizana nazo amasowa kolowera.

Chisankho cha 2005 chinasonyeza zimenezi. Wovota wokwiya ndi nkhondo sakanalanga Labour povotera Conservative, popeza onse awiri anaivomereza. Ambiri anathawira kwa Liberal Democrats, amene anapeza mavoti pafupifupi 22 pa 100 alionse koma mipando 62 yokha mwa 646, pamene Labour, ndi mavoti pafupifupi 35 pa 100 alionse, inatenga mipando yoposa 350 n'kupitiriza kulamula.