Makalata a Omvera: Akutsata Chiyani ku Uphunzitsi?

Takulandiraninso, omvera athu, kuno ku Lilongwe. Sabata yatha tinafunsa kuti achinyamata amene akuthamangira ku makoleji a aphunzitsi amakhala akutsata chiyani. Makalata abwera ambiri ndithu. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Area 25, amene anaphunzitsapo ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale.

Iwo akuti: "Tisanamizane. Ambiri amafunsira uphunzitsi chifukwa ndi khomo lomwe alipeza lotsegula. Mwana wakhoza MSCE koma mapointi ake sanamulowetse ku yunivesite ya boma, kwawo ndalama kulibe. Akaona IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale a zaka ziwiri zokha, fizi yocheperapo, amangoti ndipite. Masiku ano dongosolo lake ndi lotere: matemu awiri ku koleji, matemu awiri kukaphunzitsa pasukulu, kenako matemu awiri omaliza kubwereranso ku koleji kukalemba mayeso a MANEB. Poyamba chinali chaka chimodzi ku koleji, china kusukulu. Alipo amene amabwera chifukwa anasirira mphunzitsi wawo wa Sitandade 8, koma sindinganene kuti ndiwo ambiri."

Zikomo bambo. Ine sindikuona cholakwa kulowa chifukwa cha njala ya ntchito. Kumbukirani kuti mu 1994, pulayimale itakhala yaulere mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, boma linalemba aphunzitsi ambirimbiri osaphunzira ntchito, n'kuwaphunzitsa pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Ena mwa iwo anadzafika pokhala mahedimasitala.

Kalata yachiwiri yachokera ku Mitundu, kwa mayi amene amayang'anira ophunzira uphunzitsi pa nthawi ya tichingi pulakitisi. Amayiwa alemba zambiri, ndingotapako.

"Chifukwa chimene munthu analowera chimaonekera pa matemu awiri a kusukulu aja. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma ku Sitandade 1 ndi 2 kumudzi amaposa 100. Wophunzira amabwera ndi lesoni pulani yokoma ya mphindi 30, kuitana mayina kokha n'kumudyera mphindi 10. Cholakwa china n'kuima pa bolodi phunziro lonse; ana akumbuyo samva, amayamba kutsinana. Timawauza kuti agawe ana m'magulu, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri wowerenga anzake ndi kugawa mabuku. Zipangizo asadikire za ku ofesi. TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndi yomweyo: zitsekerero za mabotolo ndi timiyala powerengetsa masamu, makatoni polembapo zilembo. Sikimu, ndondomeko ya ntchito ya temu yonse, alembe temu isanayambe, chifukwa akachedwa amangotsata buku tsamba ndi tsamba, mayeso n'kupeza ntchito ili pakati. Wobwera chifukwa cha malipiro okha amatopa temu yoyamba yomweyo. Koma ena amene anabwera monyinyirika amasintha akaona mwana amene sankadziwa a, e, i, o, u akuwerenga chiganizo."

Mwatithandiza, mayi. Apa sindiwonjezerapo kanthu.

Mnyamata wina wa ku Kawale wafunsa mwachidule: "Kodi ndikamaliza TTC, ntchito ya boma ndiyamba pompo?"

Achimwene, ayi. Magulu ena a IPTE adikirapo zaka asanalembedwe, ena n'kuyamba agwira ngati aphunzitsi othandizira kapena m'sukulu zoyima pazokha. Ndipo akakulembani, konzekani kupita kumudzi, kumene aphunzitsi akusowa kwambiri, osati ku Area 18. Ngati mtima wanu uli ku sekondale, funsirani ku koleji ya Nalikule konkuno ku Lilongwe, kapena ya Domasi ku Zomba.

Timvereko nyimbo kaye, tikabwerako tiwerenga makalata a ku Nsundwe ndi ku Lumbadzi.