Ulonda wa usiku pakati pa nyanja ya Atlantic

Moni abale anga a ku Mchinji, kuyambira pa Boma mpaka ku Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, komanso nonse amene mukumvera muli kutali ndi kwathu. Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti, "Achimwene, m'botimo tsiku limatha bwanji?" Lero ndiyankhe funso limeneli.

Kuno ku Cape Town amapanga maboti oyenda ndi matanga, ndipo ambiri mwa iwo amakagwira ntchito ku zilumba za Caribbean, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ena amawakweza pa sitima zikuluzikulu, ena amayenda okha panyanja, ndiye pamafunika anthu owaperekeza. Ntchito yanga ndi imeneyo. M'botimo timakhala atatu kapena anayi basi. Tikanyamuka, poima poyamba ndi pa chilumba cha Saint Helena, mtunda wa makilomita oposa 3,000. Boti limayenda makilomita 10 kapena 12 pa ola, liwiro loti wakabaza wamphamvu akhoza kutipitirira, choncho pamatha pafupifupi milungu iwiri tisanaone nthaka.

Masiku oyambirira ndi owawa. Madzi a kufupi ndi Cape Town ngozizira, mafunde ngaakulu, nseru imagwira ngakhale akaputeni. Umangodya bisiketi ndi kumwa madzi pang'onopang'ono. Tikalowa m'mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imaomba mosalekeza kumeneko, boti limakhazikika, kunja kumafunda, njala imabwerera.

Boti siliima usiku, abale anga. Wina amayenera kukhala maso nthawi zonse, ndiye timasinthana maola atatuatatu. Ulonda wa 3 koloko m'bandakucha ndiwo umayesa munthu. Mnzako amakugwedeza phazi, iwe tulo tili pakati. Umavala jekete yoyandamitsa, n'kudzikoleka ndi lamba ku chingwe cha boti usanatuluke panja, chifukwa ukagwera m'madzi usiku anzako ali mtulo, boti limangopita, palibe angakumve. Ndiye umakhala pa chiwongolero. Pakapita mphindi zochepa umaimirira, kuyang'ana mbali zonse ngati kukubwera nyali ya sitima, kuona kampasi, kumvetsera matanga ngati akukupiza. Kumbuyo kwa boti madzi amathetheka kuwala kobiriwira, ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja timene timawala tikagwedezeka. Pa maola amenewo ndimaganiza za amayi, za mtedza ngati wakumbidwa, za ana a mlongo wanga. Koma kusinza ayi. Anthu agonawo anandisungitsa moyo wawo, ndipo ine ndikamakagona ndimawasungitsa wanga. Munthu wochedwa kudzuka pa ulonda wake, ngakhale atakhala katswiri, ine sindifuna kuyenda nayenso.

Za kuphika tsopano. Chitofu cha gasi chimalendewera kuti chizipendekeka pamodzi ndi boti, ndipo poto timamupana ndi tizitsulo. Ufa ndimanyamula wa ku South Africa, mthiko ndinachokera nawo kwathu. Kuvundula nsima boti likugwedezeka kumafuna kutangadza miyendo, chiuno utachitsamiza pa kabati. Ndiwo zimachokera kumbuyo kwa boti, kumene timakoka mbedza tsiku lonse. Ikakodwa dorado, nsomba yagolide ndi yobiriwira, tsiku limenelo ndi phwando. M'mawa timatolanso tinsomba touluka timene tagwera m'boti usiku.

Madzi akumwa ndiwo sitiseweretsa. Mbale timatsuka ndi madzi amchere, n'kutsukuluza ndi kapu imodzi ya madzi abwino. Kusamba chimodzimodzi.

Ku Saint Helena n'kumene anasunga Napoleon, yemwe anali mfumu ya dziko la France, ngati mkaidi kuyambira 1815 mpaka anamwalira mu 1821. M'tauni ya Jamestown muli masitepe 699 okwera phiri, amawatcha Jacob's Ladder. Miyendo yoti yazolowera kugwedezeka, pamtunda imayamba yadzandira, ndiye pokwera pamenepo umapuma kambirimbiri.

Achinyamata amene mukufuna ntchito imeneyi, yambani mwaphunzira kusambira, chifukwa ambirife a ku Mchinji tinakula tisakudziwa madzi akuya. Mapepala anu akhalenso olongosoka, pasipoti ndi chilolezo, popeza doko lililonse amafunsa. Pulogalamu ikubwerayi ndidzakuuzani za chigawo chachiwiri cha ulendo, kuchoka ku Saint Helena kulowera ku Brazil. Zikomo pomvera, mupereke moni kumudziko.