Makalata a Kazembe Amene Anadwalira M'njira ku Poland

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Lero ndikuuzani za munthu amene anamwalira kutali ndi kwawo, ndipo zambiri za imfa yake tikuzidziwa chifukwa abale ake sanataye makalata.

Dzina lake ndi Joel Barlow. Mu 1811 Pulezidenti James Madison anamutuma kukakhala kazembe wa America ku France, kuti akakambirane za malonda ndi chipukutamisozi cha zombo za amalonda a ku America zimene Afalansa analanda. Koma mu 1812 Napoleon, mfumu ya France, sankapezeka, anali kunkhondo ku Russia. Mu Okutobala 1812 nduna yake yoona za maiko akunja inaitana Barlow kuti apite ku Vilna, mzinda wa ku Lithuania umene lero timautchula Vilnius. Bambo wa zaka 58 anakwera ngolo ya akavalo n'kunyamuka, kusiya mkazi wake Ruth ku Paris.

Anafika mu Novembala, n'kudikira. Napoleon sanaonane naye. Asilikali ake anali akubwerera kuchokera ku Moscow atagonja, akufa ndi njala ndi chisanu. Mu Disembala Barlow nayenso anathawa, kudzera ku Warsaw. M'njiramo chibayo chinamugwira.

Apa mumvetsere bwino. Anali ndi mnyamata wina, Thomas Barlow, mwana wa mchimwene wake. Mwa chikhalidwe chathu tinganene kuti anali mwana wake ndithu. Mnyamatayu ndi amene anakhala pambali pa bambo ake aang'ono m'ngolo yozizira ija, mpaka anaona kuti kupitirira sikutheka, n'kuima pa mudzi wa Żarnowiec, kumpoto kwa Kraków. Ndiyenso anagwira cholembera kuuza mayi ake aang'ono ku Paris. Ine ndikaganiza za mwana ameneyu mtima umandiwawa. Chilankhulo cha kumeneko sachidziwa, wachibale wina palibe, wodwala akulephera kupuma, ndiye iwe ukhale pansi usankhe mawu oti mayi akawerenge. Barlow anamwalira pa 26 Disembala 1812, ndipo anaikidwa pa tchalitchi cha m'mudzi momwemo.

Nthawi imeneyo kunalibe lamya. Kalata yopita ku America inkayenda pa kavalo, kenako pa chombo cha matanga kuwoloka nyanja ya Atlantic, kwinaku America ili pankhondo ndi Britain. Uthenga unkatenga masabata ambiri. Wolowa m'malo mwa Barlow, William Crawford, anafika ku Paris chaka cha 1813 chili pakati, pangano la malonda limene Barlow ankakambirana lisanasainidwe.

Makalata a boma amakamba za pangano ndi zombo. Chifuwa, kuzizira, mantha a mwana uja, zimenezo mumazipeza m'makalata a pabanja. Ambiri mwa mapepala a banja la Barlow akusungidwa ku Houghton Library, pa yunivesite ya Harvard, ndipo ofufuza amapita kukawawerenga mpaka lero.