Mmene India imaphunzitsira akuluakulu a apolisi

Zikomo amayi ndi abambo, kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Pajatu agogo aja anafunsa kuti kodi bwana wa apolisi amachita kumuphunzitsa, kapena amangokwera ndi zaka. Ndiyankha potengera sukulu imodzi ya ku India.

Dziko limeneli litalandira ufulu mu 1947, azungu amene ankatsogolera apolisi anapita kwawo, mipando n'kutsala yopanda anthu. Ndiye pa 15 September 1948 boma linatsegula sukulu ku Mount Abu, kumapiri, dzina lake Central Police Training College. Mu 1967 anaisintha dzina kukhala National Police Academy, ndipo mu 1974 anawonjezera dzina la Sardar Vallabhbhai Patel, nduna yoyamba yoona za m'dziko. Chaka chotsatira, 1975, anaisamutsira ku Hyderabad komwe ili mpaka lero.

Tsono mvetsetsani apa. Sukuluyi siphunzitsa wapolisi wamba ayi, amenewo chigawo chilichonse chimadziphunzitsira chokha. Kuno kumabwera amene adzakhale mabwana. Munthu amayamba wamaliza yunivesite, kenaka n'kukhoza mayeso a UPSC, bungwe lolemba anthu ntchito zikuluzikulu za boma, mayeso oti olemba ndi miyandamiyanda koma otengedwa ochepa kwambiri. Akakhoza amayamba wapita kusukulu ina ya boma m'tauni ya Mussoorie kukaphunzira pamodzi ndi anzake a nthambi zina za boma, ndiye n'kufika ku Hyderabad.

Kumeneko tsiku limayamba kusanache. Kuthamanga, pelete, kusambira, kuwombera mfuti, kulimbana ndi munthu wopanda chida m'manja, ngakhale kukwera hatchi. Eee, musaseke, hatchi yeniyeni. Dzuwa likakwera amalowa m'kalasi, ndipo ine ndimati ntchito yeniyeni ili mmenemo: malamulo a milandu, kafufuzidwe, kusunga umboni pamalo pamene pachitikira mlandu, umbava wa pa intaneti. Mfuti munthu angaizolowere msanga. Koma kudziwa nthawi imene lamulo likukuletsa kumanga munthu, pamene mtima ukuti mugwire, zimenezo n'zosachedwa kuiwalika ngati sanakukhomereze. Ndiponso malamulo amasintha. Pa 1 July 2024 India inasiya lamulo la milandu la 1860, la nthawi ya atsamunda, n'kuyamba latsopano, choncho ndi akale omwe anayenera kuphunziranso.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Atatha pafupifupi chaka ku Hyderabad, samupatsa ofesi. Amamutumiza kuchigawo chimene adzagwireko ntchito, mwina kutali ndi kwawo, kumene chiyankhulo chake sachidziwa, ndipo amayenera kuchiphunzira. Amakhala kumeneko miyezi ingapo, kuyenda usiku ndi apolisi wamba, kulandira madandaulo, mpaka kupatsidwa polisi yaing'ono kuti aiyendetse yekha. Mayi akabwera akulira kuti amubera, ndi iyeyo womumvetsera. Akatero amabwerera kusukulu kukafotokoza zimene wakumana nazo.

Amayi, musaganize kuti ndi za abambo okha. Kiran Bedi analowa m'gulu la mabwana a apolisili mu 1972, mkazi woyamba kutero, ndipo mu 2014 Aruna Bahuguna anakhala mkazi woyamba kutsogolera sukuluyo. Maiko ena monga Nepal, Bhutan, Maldives ndi Mauritius amatumizanso apolisi awo kumeneko.

Ndaona dzanja pakona apo. Funsani, achimwene.