Tsiku limene ndinawomba m'manja ndekha ku Royal Albert Hall

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Lilongwe, ku Joni kapena kuno ku Mangalande. Ndikujambula ndili kukhitchini, ana agona, ndiye mukamva makina ochapira akulira mundikhululukire. Lero za mashifiti a usiku tizisiye kaye.

Mnzanga wina amene timasamalira limodzi okalamba wakhala akundiseka kuti zaka zonsezi ndili pafupi ndi London koma ku Proms sindinapondeko. Amenewa ndi makonsati a nyimbo za classical a chaka ndi chaka, kuyambira pakati pa July mpaka September, ndipo anayamba kalekale mu 1895. Ambiri amachitikira ku Royal Albert Hall, chinyumba cha njerwa zofiira chozungulira ngati nkhokwe, chimene anachitsegula mu 1871. Chimene chinandikopa ine, ndisaname, ndi mtengo. Pali matikiti a anthu oimirira, otchipa ndithu. Ndinagula atatu.

Tinakwera sitima ku Luton, pa St Pancras n'kulowa ya pansi pa nthaka mpaka South Kensington. Mnyamata wanga wa zaka 11 ndi mlongo wake wa zaka 7 anakangana njira yonse chifukwa cha mpando wa pawindo. Sitima ya pansi pa nthaka, abale, pawindo pali chiyani? Mdima wokhawokha.

Malo athu anali pamwamba penipeni, kufupi ndi denga, kumene ena amakhala pansi, ena kugona chagada kumene. Atabweretsa piyano n'kumatsegula chivindikiro chake, anthu a m'munsi anakuwa "Heave!" a kumtunda kwathu n'kuyankha "Ho!" Ndinadzidzimuka, ndati kwagwanji. Akuti ndi mwambo wawo. Kenako kachitoliro kamodzi kanalira, zoimbira zonse n'kumatsatira mawu ake, wotsogolera n'kulowa ndi kamtengo kake. Anthu masauzande kungoti zii. Ngakhale pamaliro kwathu sipakhala bata lotero.

Nyimbo zambiri za mtunduwu zilibe mawu, koma mavayolini onse akayambira pamodzi umamva m'mimba muno kunjenjemera. Chigawo choyamba chitatha, ine mtima uli m'malo, ndinawomba m'manja mwamphamvu, nthungululu ili pakhosi. Ndekha. Mnyamata uja anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Amayi, sinathe." Kani nyimbo imodzi imakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo amadikira mpaka kumapeto. Gogo wina wachizungu pambali panga anangomwetulira. Manyazi ake, ndinalakalaka nthaka itang'ambika, koma nthaka inali kutali, tinali kudenga.

Chimene ndabwerera nacho kwenikweni ndi china. Wamng'onoyo ndi wamfupi, chitsulo chotchingira chinkamubisira oimba. Sanandiuze ine. Anakoka malaya a mnyamata uja n'kunena kuti "achimwene", mawu amene amawatchula pokhapokha akafuna chinthu. Iye osayankha, anangomunyamula, n'kumugwira choncho mpaka manja kuchita dzanzi. Akamutsitsa kuti apume, amamuyalira jekete pansi. Amamulozera kuti icho chachikulu akuchipana ndi maondocho ndi cello. Ine ndimangoona ngati kaligo amene wadya bwino.

Ndinaima kumbuyo kwawo, misozi ili lengelenge. Ife tinakula tili chigulu, asuweni, ana a amalume, a azakhali, pakhonde pa agogo mbale imodzi manja asanu ndi atatu. Awa kuno alibe zimenezo. Msuweni amamuonera pa WhatsApp, netiweki ikalola. Ine ndikakhala kuntchito, wotenthetsa chakudya ndi mkuluyo, womupesa tsitsi mlongo wake molakwikalakwika ndi yemweyo. Amanong'onezana Chingerezi chothamanga chimene ine nthawi zina chimandipitirira, ndipo pena zimandiwawa kuti ali ndi kadziko kawo kamene ine ndimalowamo ngati mlendo. Komabe ndi ine ndinawabweretsa kuno.

Pobwerera mnyamatayo anandifotokozera za banja la Kanneh-Mason la ku Nottingham, limene anamva kusukulu. Ana asanu ndi awiri a mimba imodzi, onse oimba nyimbo zomwezi, mayi awo anabadwira ku Sierra Leone. Mmodzi, Sheku, anapambana mpikisano wa BBC Young Musician mu 2016, ndipo ndi amene anaimba cello pa ukwati wachifumu wa Harry ndi Meghan mu 2018. Amayankhula maso ali gwa pa ine, ndinadziwiratu kumene nkhaniyi ikulowera. Mlongo wake anali atagona paphewa pake, pampando wa pawindo womwe uja.

M'mawa mwake sikisi koloko isanakwane anali atayambana kale, kulimbirana rimoti. Ndipo pafiriji pano pamatidwa kapepala, kolembedwa ndi anthu awiri, kofunsa mtengo wa cello ndi vayolini. Sindinayankhebe. Makina aja asiya kulira, ndikayanike zovala. Tidzachezanso sabata yamawa.