Agalu a Mnansi Akamalowerera Ziweto Zanu

Takulandirani, owonera athu. Mu vidiyo ino tikukambirana vuto limene aliyense woweta mbuzi, nkhosa, ng'ombe kapena nkhuku angathe kukumana nalo, lomwe ndi la agalu a mnansi amene amangoyendayenda osawayang'anira, n'kumathamangitsa, kuluma kapena kupha ziweto. Anthu ambiri akapeza mbuzi yawo ili gone ndi mabala, mtima umathamangira kwa galuyo, kuti amupeze ndi kuthana naye. Komatu galu akaphedwa lero, mwezi wamawa pakhomo pomwepo pamabwera wina, ndipo ngati mwini wake sanasinthe kasungidwe ka agalu, watsopanoyo adzayenda njira yomweyo mpaka kukhola kwanu. Vuto lenileni lili kwa munthu amene akusunga galu, ndipo zonse zimene tikambe pano zikulunjika pa mmene mungamufikire munthuyo muli ndi umboni m'manja, kwinaku mukuteteza ziweto zanu.

Tiyambe ndi chifukwa chimene galu amachitira zimenezi, popeza ndi pomwe eni agalu ambiri amasokonezekera. Agalu anachokera ku mimbulu, ndipo ngakhale akhala ndi anthu kwa zaka masauzande ambiri, chibadwa chothamangitsa chinthu chimene chikuthawa sichinawachoke. Galu amene akuvuta ziweto zanu kawirikawiri sakhala wanjala. Angathe kukhala wokhuta, wosamalidwa bwino, amene masana amagona pakhonde ana akumusisita, koma akaona nkhosa zikubalalika, kuthamangitsako kumamusangalatsa, ndipo akalawa kamodzi amafuna kubwereza. Zinthu zimaipiraipira agalu akakhala awiri kapena atatu, chifukwa amalimbitsana mtima, ndipo galu wamantha amene payekha sakanayandikira ng'ombe amalimba mtima akakhala pagulu. N'chifukwa chake mwini galu akanena kuti galu wake ndi wofatsa ndipo sangachite zotero, nthawi zambiri sakhala akunama. Iye akunena za galu amene amamudziwa masana, pamene inu mukunena za galu yemweyo m'bandakucha ali ndi anzake.

Chiwonongeko chimene agalu amabweretsa sichithera pa mabala ooneka. Mbuzi ndi nkhosa zimakhala ndi bere kwa miyezi pafupifupi isanu, ndipo yabere ikathamangitsidwa kwambiri, makamaka bere likakula, ingathe kupoloza ngakhale galu sanaikhudze ndi dzino. Ana a mbuzi amasokonekera ndi amayi awo m'chipwirikiti, ng'ombe ya mkaka imachepetsa mkaka, ndipo ziweto zina zimathyoka miyendo kapena kudzicheka pa waya pothawa. Palinso matenda amene amayenda kudzera mu ndowe za agalu zotsala pamsipu. Njoka ya m'mimba mwa galu yotchedwa Taenia multiceps imaikira mazira amene, akamezedwa ndi nkhosa kapena mbuzi pamodzi ndi udzu, amakasanduka chotupa chamadzi mu ubongo, ndipo chiwetocho chimayamba kuyenda mozungulirazungulira mpaka kufa. Kachilombo kena kotchedwa Neospora caninum kamachititsa ng'ombe kupoloza. Galu woyendayenda amaononga ngakhale tsiku limene sanalume chilichonse.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, ya kuzindikira chimene chapha kapena kuvulaza chiweto chanu. Kuloza chala mnansi pa mlandu wa fisi kapena nkhandwe ndi njira yachidule yoyambitsira mkangano umene simudzapambana. Nyama zolusa za m'tchire zimapha kuti zidye, ndipo zimagwira ntchitoyo mwaluso. Nyalugwe amagwira pakhosi kapena pa msana wa khosi, amapha chiweto chimodzi, ndipo amachikokera pobisika. Fisi amaphwanya mafupa ndi kudya gawo lalikulu la nyamayo. Galu woweta alibe luso limeneli. Iye amaluma paliponse pamene wafikira, makamaka ntchafu, miyendo yakumbuyo, m'nthiti, makutu ndi kumaso, ndipo amasiya khungu litang'ambikang'ambika. Mukalowa m'khola n'kupeza ziweto zitatu kapena zinayi zavulala, ina yang'ambika khutu, ina ikutsimphina, ina yafa koma nyama yake sinadyedwe, ubweya uli mbwee pansi ndipo mapazi akuonetsa kuti panali kuthamangitsana kozungulira malo onse, zizindikiro zimenezo zimaloza kwa agalu. Pa nkhuku ndi chimodzimodzi, chifukwa galu amapha zambiri nthawi imodzi n'kuzisiya pomwepo, pamene nyama ya m'tchire kawirikawiri imanyamula imene yagwira n'kupita nayo.

Komabe kudziwa kuti ndi galu sikutanthauza kuti mwadziwa galu wake. Apa ndi pamene umboni umafunika, ndipo uyenera kusonkhanitsidwa musanasunthe kanthu. Jambulani ndi foni yanu mabala onse, mapazi a agalu, ndi malo amene alowera, kaya ndi dzenje limene akumba pansi pa mpanda kapena pamene waya wapindika. Lembani tsiku ndi nthawi. Ngati agaluwo mwawaona, ajambuleni ali pamalo panu, m'njira yoti chithunzicho chionetse kuti ndi pakhomo panu, ndipo lembani mtundu wa ubweya, kukula kwawo ndi chizindikiro chilichonse chowasiyanitsa ndi ena. Munthu wina amene si wa m'banja lanu akaona zimene zachitika, mawu ake amalemera kuposa anu. Dokotala wa ziweto akabwera, mupempheni alembe zimene wapeza, ndipo sungani malisiti a mankhwala. Kwa amene angakwanitse, kamera yaing'ono yojambula yokha chinthu chikadutsa usiku imathetsa mikangano yambiri isanayambe.

Pogwira chiweto cholumidwa, kumbukirani matenda a chiwewe. Bungwe la World Health Organization limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mwa anthu 100 alionse ogwidwa ndi matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa agalu. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, choncho musagwire mabala ndi manja opanda chotchinga, makamaka ngati muli ndi zilonda. Chiweto cholumidwa ndi galu wosadziwika chipatulidwe kwa zinzake ndipo dokotala wa ziweto adziwitsidwe, chifukwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa nazonso zimadwala chiwewe. Ngati inuyo kapena mwana walumidwa poleretsa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati bala litupe, popeza zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka, munthu pafupifupi aliyense amamwalira. Mabala a chiweto chenichenicho amanyenga, chifukwa mano a galu amaboola pang'ono kunja koma amatswanya mnofu mkati, ndipo pakapita masiku ochepa bala limachita mafinya kapena kugwa mphutsi.

Mukakhala ndi umboni, pitani kwa mwini galu, koma musapite tsiku limene mtima udakali m'mwamba, ndiponso musamuyambe pagulu. Munthu akachititsidwa manyazi pamaso pa anthu amakana ngakhale chinthu chimene akuchidziwa. Mufikeni pa nthawi imene ali yekha, ndipo mawu anu akhale onga awa: "Bambo, pepani ndakusokonezani. Ndabwera ndi nkhani ya agalu anu awiri aja, wakuda ndi wofiirira. Lachiwiri m'mawa analowa m'khola mwanga, ndipo mbuzi ziwiri zavulala. Zithunzi zake ndi izi. Ndabwera kuti tione limodzi chimene tingachite kuti zisachitikenso." Taonani kuti m'mawu amenewa mulibe chiopsezo, mulibe kutukwana galu, ndipo muli tsiku, chiwerengero ndi chithunzi. Pa ulendo woyambawu, kwa ine chofunika kwambiri si chipukutamisozi, ngakhale muli ndi ufulu wochipempha. Chofunika ndi chakuti mwini galu avomere kuti galu wake amatuluka, chifukwa akavomera zimenezi, nkhani ya kulipira imabwera mosavuta. Mufunseninso ngati agaluwo analandira katemera wa chiwewe, ndipo ngati galuyo waluma munthu, ayenera kutsekeredwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10.

Musachoke musanagwirizane chinthu chenicheni chimene iye achite. Lonjezo lakuti "ndiziwayang'anira" silitchinga galu aliyense. Chimene chimathandiza ndi kutsekera agalu mumpanda kapena m'khola lawo kuyambira madzulo mpaka dzuwa litakwera, popeza ziweto zambiri zimagwidwa usiku ndi m'bandakucha. Kufula agalu aamuna ndi kutseka aakazi kuti asabereke kumachepetsa kuyendayenda, chifukwa maulendo ambiri a agalu aamuna amakhala otsata fungo la wamkazi amene ali pa nyengo yake, ndipo gulu limene lasonkhana chifukwa cha iye ndi lomwe limathera kukhola la munthu. Kumanga galu pa tcheni chachifupi usana ndi usiku si yankho labwino, chifukwa galu wotero amalusa, ndipo tsiku limene adzadule tchenicho adzaononga koposa.

Pamene mukudikira kuti mnansi akwaniritse mbali yake, limbitsani yanu. Agalu ambiri sadumpha mpanda, amadutsa pansi pake kapena pa chitseko chosatsekeka bwino, choncho yendani mozungulira khola mutawerama, mukuyang'ana malo alionse amene mutu wa galu ungalowe. Waya wa maso ang'onoang'ono wokwiriridwa pansi, kapena woyalidwa panthaka chakunja kwa mpanda n'kutsinjiridwa ndi miyala, umalepheretsa kukumba. Ziweto zabere ndi ana ongobadwa kumene zigone pafupi ndi nyumba. Kumene magetsi kapena mabatire a dzuwa akupezeka, waya wamagetsi umodzi woikidwa m'munsi, pa msinkhu wa mphuno ya galu, umaphunzitsa galu msanga popanda kumuvulaza.

Alimi ena amagwiritsa ntchito nyama zolondera. Bulu mwachibadwa sagwirizana ndi agalu, ndipo mmodzi akazolowerana ndi nkhosa amathamangitsa galu wachilendo ndi mateche, ngakhale kuti abulu akakhala angapo amangotsatana okhaokha n'kuiwala nkhosa. Palinso mitundu ya agalu imene inawetedwa kuti izilondera ziweto, monga Kangal wa ku Turkey, Maremma wa ku Italy ndi Great Pyrenees wa m'mapiri a pakati pa France ndi Spain. Ku Namibia, bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupereka agalu a mtundu wa Anatolian kwa alimi kuyambira mu 1994 kuti aziteteza mbuzi ndi nkhosa ku nyama zolusa. Chinsinsi chake ndi chakuti galu wotero amaleredwa pakati pa ziweto kuyambira ali mwana wa milungu yochepa, mpaka amazitenga ngati abale ake. Kungotenga galu wamkulu wamba n'kumuika m'khola ndi kuwonjezera vuto limene mukufuna kuthetsa.

Nanga mnansi akakana kumva? Pamenepo lembani kalata yaifupi yotchula masiku, ziweto zimene zavulala ndi zimene munakambirana, sungani kope lake, ndipo tengerani nkhaniyo kwa munthu amene nonse mumamulemekeza kuti akhale mkhalapakati. Zikakanika, pitani kwa akuluakulu oona za ziweto a m'dera lanu kapena kupolisi, mutanyamula umboni wonse uja. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma m'maiko ambiri mfundo yake ndi imodzi, yakuti mwini galu ndi amene amayankha pa zimene galu wake waononga. Ku Britain, lamulo la mu 1953 lotchedwa Dogs (Protection of Livestock) Act linaika kuti ngakhale kuthamangitsa chabe ziweto m'njira yoti zingavulale kapena kupoloza ndi mlandu, ndipo ku Scotland mu 2021 anakhwimitsa chilango kufika pa chindapusa cha mapaundi 40,000 kapena kukhala m'ndende miyezi 12. Funsani kuti lamulo la kwanu likuti chiyani musanachite chilichonse chokhudza galuyo.

Chenjezo limeneli ndi lofunika kwambiri pa nkhani ya kupha galu. Ngakhale m'maiko amene lamulo limateteza mlimi wowombera galu, chitetezocho chimakhala chopapatiza. Ku England ndi Wales, lamulo la mu 1971 lotchedwa Animals Act limamuteteza makamaka pamene galuyo akuukira ziweto kapena ali pafupi kutero ndipo palibe njira ina yabwino yomuletsera, komanso mlimiyo ayenera kudziwitsa apolisi pasanathe maola 48. Kutsatira galu mpaka kwawo n'kukamupha mawa lake sikulowa m'chitetezo chimenechi, ndipo wodandaula uja amasanduka woimbidwa mlandu.

Poizoni ndiye woipitsitsa pa njira zonse. Nyama yothira mankhwala sisankha wodya. Ingadyedwe ndi galu wanu, mphaka, nkhumba kapena nkhuku zanu zomwe, ndipo mwana wamng'ono angathe kuitola. Galu amene wadya amakafera kutali, mtembo wake n'kudyedwa ndi miimba ndi nyama zina zimene nazonso zimafa, ndipo mvula ikagwa mankhwalawo amatha kukokolokera m'madzi amene ziweto zanu zimamwa. M'maiko ambiri kutchera poizoni motere ndi mlandu paokha, posatengera kuti galuyo anaononga zochuluka bwanji. Ngati mwakwanitsa kutsekera galu wolowererayo m'chipinda kapena m'khola lopanda ziweto popanda kudziika pangozi, mupatseni madzi, mujambuleni ali momwemo, ndipo itanani mwini wake pamodzi ndi mboni kapena akuluakulu oona za ziweto kuti adzamutenge okha.