Mamendulo a siliva a mafumu a ku Ulaya: yambani kuona m'mphepete

[Pa kanema: dzanja lagwira mendulo yaing'ono ya siliva, likuitembenuza pang'onopang'ono]

Moni nonse, takulandirani. Pa 23 Epulo 1661 ankalonga ufumu Charles II m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Pa khamu limene linadzaza m'tchalitchimo panali Samuel Pepys, mkulu wa mu ofesi yoyang'anira sitima zankhondo. Iyeyu analawirira mbandakucha kukapeza malo, nadikira mpaka cha m'ma 11 koloko kuti mfumu ilowe. Mfumu itavekedwa chisoti, Lord Cornwallis anayamba kumwaza mamendulo a siliva pakati pa anthu, aliyense n'kumalimbirana. Pepys analemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti iye sanatoleko ngakhale imodzi.

Mendulo imene inamuphonya ija mungathe kuigula lero lino, patapita zaka zoposa 360. Ndi yomwe mukuiona pa kanemayi. Kukula kwake ndi mamilimita 29 okha. Lero tikambirana za mamendulo amtundu uwu, a siliva, okhala ndi nkhope za mafumu ndi mafumukazi a ku Ulaya, kuyambira m'zaka za m'ma 1500 mpaka m'ma 1700. Funso lomwe tilitsate vidiyo yonseyi ndi limodzi: kachitsulo kamene kali m'manja mwangaka kanapangidwa liti?

Poyamba tisiyanitse mendulo ndi ndalama, chifukwa ambiri amaziphatikiza. Ndalama imakhala ndi mtengo woikidwa ndi boma ndipo ntchito yake ndi kugulira zinthu. Mendulo sinkagulira buledi. Inali mphatso kwa kazembe, mphotho kwa mtsogoleri wa asilikali, chikumbutso cha ukwati, cha kubadwa kwa kalonga kapena cha kupambana nkhondo. Mwambowu unayambira ku Italy cha m'ma 1438, pamene Pisanello anapanga mendulo ya John VIII Palaiologos, mfumu ya ku Constantinople imene inabwera ku msonkhano waukulu wa mpingo. Kuchokera pamenepo mfumu iliyonse inafuna nkhope yake pa chitsulo, poti pepala limapsa, nsalu imadyedwa ndi njenjete, koma siliva amangoti duu.

[Pa kanema: mbali ya nkhope, pafupi kwambiri]

Taonani ya Charles II ija. Mfumu yavala chisoti ndi mkanjo waufumu, ndipo m'munsimu muli zilembo ziwiri, T.S. Ameneyo ndi Thomas Simon, wozokota zidindo. Chondisangalatsa pa munthu ameneyu n'chakuti dzanja lomweli linagwirapo ntchito kwa Oliver Cromwell, amene anali m'gulu lomwe linadula mutu bambo ake a mfumuyi, Charles I, mu 1649. Ufumu utabwerera mu 1660, luso lake linali lalikulu moti sanamutaye.

Mozungulira nkhope muli mawu a Chilatini ofupikitsidwa: CAROLVS II D G ANG SCO FR ET HI REX. Kumasulira kwake: Charles II, mwa chisomo cha Mulungu mfumu ya England, Scotland, France ndi Ireland. Inde, France. Charles sanalamulireko dziko la France ngakhale tsiku limodzi, koma mafumu a England anapitiriza kudzitchula choncho mpaka 1801. Tembenuzani. Mfumu yakhala pa mpando, yagwira ndodo yachifumu, ndipo mkazi wamapiko woimira mtendere akuiveka chisoti. Mawu ake akuti inatumidwa kudzapulumutsa m'badwo wogwa. Apa mwaona kale khalidwe la mendulo: ndi mfumu ikudzinenera yokha. Muziiwerenga monga mmene mumamvera munthu akudzichitira umboni pabwalo la milandu.

Ndipo anthu a nthawiyo sanali ogona. Mu 1689 William ndi Mary atatenga ufumu kwa James II, amene anali bambo ake omubereka a Mary, mendulo yawo yolongera ufumu inaonetsa Jupiter, mulungu wamkulu wa m'nthano za Aroma, akuponya mphezi kwa Phaethon, mnyamata wa m'nthano amene analephera kuwongolera galeta la dzuwa. Uthenga unali woti James akanalipsereza dziko. Koma otsatira James anaimasulira mwawomwawo: ankati galetalo ndi la Tullia, mkazi wa m'mbiri ya Roma amene anayendetsa galeta pamwamba pa mtembo wa bambo ake.

Tsopano tibwere ku kapangidwe, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani ya wogula.

[Pa kanema: chithunzi cha chikombole mbali ina, chidindo chachitsulo mbali ina]

Njira zinali ziwiri. Yoyamba ndi yothira. Mmisiri ankaumba nkhope pa phula, n'kupanga chikombole cha mchenga wosalala kapena dongo, n'kuthiramo siliva wosungunula. Chikazizira, ankakonza tsitsi, maso ndi zilembo ndi titsulo tosongoka. Umu ndi mmene ankagwirira ntchito Guillaume Dupré ku France, amene anatchuka ndi mendulo ya Henri IV ndi mkazi wake Marie de' Medici ya mu 1603. Umu ndi mmenenso anapangira timamendulo tozungulira ngati dzira, tokhala ndi kamphete pamwamba, timene otsatira Charles I ankavala pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, kawirikawiri mbali ina kuli mfumu, mbali ina kuli mfumukazi Henrietta Maria. Tambiri mwa timeneti n'tofufutika chifukwa tinkakhuzika pa zovala ndi pa thupi. Ineyo kufufutika kumeneko sindikuona ngati chilema. Munthu wina anayenda nako pachifuwa pa nthawi imene kukonda mfumu kukanamutayitsa katundu wake yense.

Njira yachiwiri ndi yodinda. Wozokota ankagoba chithunzi chobwerera m'kati pa chitsulo cholimba, chidindo china cha nkhope, china cha kumbuyo. Pakati pake ankaikapo kachidutswa ka siliva, kenako makina okhala ndi chomangira chachikulu chozungulira, okankhidwa ndi amuna amphamvu, ankatsindika. Makina otere anafika ku Paris cha m'ma 1551. Mendulo yodinda imakhala ndi zilembo zakuthwa ndi malo osalala ngati galasi kumbuyo kwa nkhope.

Chidindo chimakhalitsa kuposa mfumu imene chinazokotedwera. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, tikupita nayo ku France.

Palibe mfumu inakonda mamendulo ngati Louis XIV. Mu 1663 nduna yake Colbert inasonkhanitsa kagulu ka anthu ophunzira, kamene pambuyo pake kanadzakhala Académie des Inscriptions, ndipo ina mwa ntchito zake inali kupeka zithunzi ndi mawu a Chilatini a pa mamendulo a mfumu. Mu 1702 kunatuluka buku lalikulu loonetsa mamendulo 286 ofotokoza ulamuliro wake, ndipo mamendulowo anadindidwa a msinkhu umodzi, mamilimita 41, ambiri mwa iwo ndi dzanja la Jean Mauger. Mukawandandalika mumaona nkhope ikukula, kuyambira kamwana mpaka nkhalamba ya tsitsi lovala lopotanapotana. Mizinda imene analanda ili momwemo, nyumba yachifumu ya Versailles ilimo, ngakhale kuthetsa ufulu wa Apulotesitanti mu 1685 kulimo ngati chinthu chonyadira. Za kugonja kwake mukazifune kwa adani ake: nkhondo ya Blenheim ya mu 1704 ili pa mendulo ya Mfumukazi Anne ya ku England, yozokotedwa ndi John Croker.

Ambiri mwa mamendulo a Louis XIV amene mungakumane nawo ndi a mkuwa, a siliva ndi osowerapo. Koma vuto lalikulu ndi ili: nyumba yodinda ndalama ya ku Paris, Monnaie de Paris, inasunga zidindo ndipo inapitiriza kudinda nazo, kapena ndi zina zokopera pa izo, kwa aliyense wofuna kugula. Choncho mendulo yolembedwa 1667 ikhoza kukhala ya mu 1702, ya mu 1770, kapena ya mu 1900. Chaka cholembedwa pa mendulo ndi cha chochitikacho. Si tsiku limene siliva anakumana ndi chidindo.

[Pa kanema: mendulo yaimitsidwa chammbali, galasi lokulitsa lili pamphepete]

N'chifukwa chake ndimati yambani kuona m'mphepete musanakopeke ndi nkhope. Kuyambira mu 1832 a ku Paris anayamba kudinda kachizindikiro m'mphepete mwa mamendulo a golide ndi siliva. Koyamba kanali kanyale kamakedzana. Kenako kunabwera nangula mu 1841, mphuno ya ngalawa mu 1842, dzanja loloza kuyambira 1845 mpaka 1860, njuchi kuyambira 1860 mpaka 1879, ndipo kuchokera 1880 nyanga yodzaza zipatso. Pambali pake nthawi zambiri pamakhala dzina la chitsulo, ARGENT, kutanthauza siliva. Mukaona njuchi pa mendulo ya Louis XIV, dziwani kuti inadindidwa mfumuyo itamwalira kale zaka zoposa 140. Si yabodza ayi, inatuluka m'nyumba yovomerezeka, ndipo yokongola ndithu. Koma mtengo wake uyenera kukhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi ya nthawi ya mfumuyo.

Nanga m'mphepete mukakhala mopanda kanthu? Musafulumire kusangalala. Ikhoza kukhala yodindidwa chaka china chilichonse 1832 isanafike, komanso alipo anthu osakhulupirika amene amapala kachizindikiro kaja ndi tupa. Apa yang'anani pa malo osalala. Chidindo chikagonera m'nkhokwe zaka zambiri chimachita dzimbiri, dzimbirilo limasiya timaenje, ndipo timaenjeto timatuluka pa mendulo ngati tiziphuphu totukuka. Chidindo chikang'aluka chimasiya kamzere kotukuka ngati mtsempha. Tiziphuphu ndi mizere zikachuluka, ndiye kuti chidindo chinali chitakalamba.

M'mphepete momwemo mumagwidwiranso mtundu wina wa zokopera. M'zaka za m'ma 1800 anthu anaphunzira kukopera mendulo ndi mphamvu ya magetsi: amapanga zikhungwa ziwiri zopyapyala, cha nkhope ndi cha kumbuyo, n'kuzilumikiza. Msoko wake umaoneka ngati kamzere kozungulira mphepete yonse. Robert Ready ankapanga zoterezi ku British Museum, moonekera, za ophunzira ndi nyumba zosungira zakale, ndipo zambiri zili ndi zilembo RR m'mphepete.

Zothira zili ndi msampha wakewake. Munthu akatenga mendulo yakale n'kuipanga chikombole, yotulukamo imachepa pang'ono chifukwa chitsulo chimakhwinyata pozizira. Akakoperanso pa yokoperayo, imachepanso, zilembo n'kumafewa ngati sopo wogwiritsidwa ntchito. Choncho muyeso ndi mboni yanu. Mamendulo a ku Britain anafotokozedwa imodzi ndi imodzi m'buku la mu 1885 lotchedwa Medallic Illustrations, ndipo ogulitsa amalemba MI ndi nambala yake pa malonda awo. Pezani muyeso wolembedwa, yezani yanu. Ndipo mendulo imene imadziwika kuti inali yodinda, monga ya Charles II ija, ikakhala ndi timabowo ngati ta thovu ndi khungu lamchengamchenga, ibwezeni.

[Pa kanema: sikelo yaing'ono, kapu ya madzi, ulusi]

Kuti mudziwe ngati ndi siliva, maginito sakwanira. Siliva sakokedwa, koma mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa. Chitani izi: yezani kulemera kwa mendulo. Kenako ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezerani sikelo pa ziro, mangani mendulo ndi ulusi, imizeni yonse osakhudza pansi kapena m'mbali, werengani nambala. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Siliva wabwino amapereka pakati pa 10.3 ndi 10.5. Mkuwa umagwera cha pa 8.9, mtovu umakwera kufika 11.3. Mukatha ipukuteni mofatsa ndi kansalu kofewa, mongogunditsa.

Pa zotsuka ndilankhula mwamphamvu: musatsuke. Mtundu wotuwira, nthawi zina wobiriwira kapena wofiirira m'mbali mwa zilembo, umene siliva wakale amakhala nawo, unatenga zaka mazana kuti ubwere, ndipo osonkhanitsa amaulipirira. Mankhwala opukutira masipuni amauchotsa m'mphindi imodzi n'kusiya timikwingwirima tosafufutika. Gwirani mendulo m'mphepete, isungeni pouma, kutali ndi labala ndi mapulasitiki ofewa aja a PVC, amene amasiya utoto wobiriwira womata.

Kogula odalirika kulipo: Spink, Baldwin's ndi Noonans ku London, Künker ku Osnabrück m'dziko la Germany. Onsewa amachita okushoni pa intaneti ndipo zithunzi ndi mitengo ya malonda akale zimaoneka kwaulere, ndiye mungaphunzire miyezi ingapo musanatulutse khobidi. Kumbukirani kuti pamwamba pa mtengo umene mwapambana nawo amawonjezerapo gawo lawo, kawirikawiri kupitirira 20 pa 100 iliyonse, kuphatikizapo zotumizira ndi msonkho wa kwanu. Woyamba kumene ndimamulangiza mamendulo olongera ufumu a ku England. Anapangidwa ambiri, analembedwa bwino m'mabuku, ndipo mzere wake ndi wosavuta kuutsata. Ya Mfumukazi Anne ya mu 1702 inatuluka pamene woyang'anira nyumba yodinda ndalama ku London anali Isaac Newton, yemwe uja wa sayansi.

Musanapereke mtengo, lemberani wogulitsa mumupemphe zinthu zitatu: chithunzi cha m'mphepete, kulemera kwake m'magalamu, ndi mbiri ya amene anaisungapo kale ngati ilipo. Mu vidiyo yotsatira tidzatenga mendulo ya Anne ija, tidzaiyeze pa sikelo ndi m'madzi pamaso panu, kenako tidzawerenge Chilatini chake liwu ndi liwu. Zikomo kwambiri poonera, tionana.